FUNSANI ZA MAKOMPYUTA: Ndiwonjezere khadi yachiwiri kapena ndigule imodzi yamphamvu?

FUNSO: Akulu ndithandizeni. Ndili ndi kompyuta ya desikitopu yomwe ndinamanga ndekha pang'onopang'ono, mkati muli grafikisi khadi ya RX 580 ya 8GB. Magemu akale ikutha bwinobwino koma atsopanowa ikumavutika, makamaka pakakhala kuomberana kwambiri imangodukiza. Nde mnzanga akugulitsa RX 580 yakenso motchipa ndipo akuti ndikaziphatikiza ziwiri ndiye kuti ndili ndi 16GB komanso mphamvu yawirikiza kawiri. Mathabodi yanga ili ndi masiloti awiri aatali aja. Nditenge? Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Achimwene, musatenge. Ndayamba ndi yankho kuti mwina mnzanuyo akukukakamizani kuti mupereke ndalama sabata ino. Sikuti akukunamizani dala ayi, zomwe akunenazo zinali ndi kachoonadi kake zaka khumi zapitazo, bola lero zinthu zinasintha ndipo ndalama zanuzo zingopita pachabe.

Nkhani yophatikiza makhadi inayamba kalekale, mu 1998, ndi kampani ya 3dfx yomwe inatulutsa Voodoo2, unkatha kuika ziwiri n'kuzilumikiza ndi kachingwe, ankazitcha SLI. Nvidia itagula katundu wa 3dfx inadzabweretsanso dzina lomwelo mu 2004, ndipo ATI, yomwe pano ili m'manja mwa AMD, inayankha ndi yake CrossFire mu 2005. RX 580 yanuyo ndi ya AMD nde inuyo mungakhale pa CrossFire. Nthawi imeneyo munthu wa makhadi awiri ankaopedwa ndithu, ena ankafika poika anayi.

Koma taonani mmene zimagwirira ntchito. Gemu mukaiona ikuyenda pa sikirini ndi zithunzi zambirimbiri zomwe zikusinthana mwachangu, mafulemu aja, mwachitsanzo 60 pa sekondi imodzi. Makhadi akakhala awiri samagawana chithunzi chimodzi nthawi zambiri, amalandizana: iyi ijambula fulemu yoyamba, inzake yachiwiri, iyi yachitatu, choncho. Zili ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, misi ikusinthana, akagwirizana ntchito imathamanga koma wina akangochedwa pang'ono basi kamvekedwe konse kasokonekera, ndipo mtondowo sukula chifukwa choti osinja achuluka. Apa ndi pomwe pagona nkhani ya 16GB ija. Khadi iliyonse imayenera kusunga zinthu zonse za gemu mu memore yake, misewu, makoma, nkhope za anthu, zonse, chifukwa iliyonse ikujambula chithunzi chathunthu payokha. Nde 8GB ndi 8GB imakhalabe 8GB. Zomwe zili mu khadi yoyamba ndi zomwezonso zili mu yachiwiri.

Kuchedwerana kuja ndi komwe anthu amakutcha micro-stutter. Nambala ya FPS (mafulemu pa sekondi) pakona pa sikirini imatha kumaoneka yokwera bwino, mwina 80, koma maso anu akumamva kuti gemu ikunjenjemera chifukwa mafulemu sakubwera motalikirana mofanana, awiri abwera mothithikana kenako kampata, kenako awiri ena. Inu vuto lomwe mwadandaula ndi kudukiza, nde mungawononge ndalama n'kugula kudukiza kwa mtundu wina.

Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti eni ake anazisiya. AMD inasiya kugwiritsa ntchito dzina la CrossFire mu 2017, chaka chomwe RX 580 yanuyo inatuluka. Nvidia nayo inayamba kuchepetsa pang'onopang'ono, GTX 1060 ya 2016 inabwera yopanda polumikizira SLI, mu gulu la RTX 30 ndi 3090 yokha ndi 3090 Ti zomwe zinali napo, kuyambira Januwale 2021 anasiya kupanga mapulofailo (masetingi a gemu iliyonse) atsopano a SLI mu madalaiva, mapulogalamu oyendetsa khadi, ndipo RTX 4090 ya 2022, khadi yodula choncho, inatuluka yopandiratu. Kale opanga khadi ndi omwe ankakonza madalaiva kuti gemu iliyonse yotchuka iziona makhadi awiri. Pa DirectX 12 ndi Vulkan, njira zomwe magemu atsopano amalankhulirana ndi khadi, ntchito imeneyo inagwera opanga magemu, ndipo iwo ambiri safuna kutaya nthawi pa chinthu chomwe ali nacho ndi anthu ochepa zedi. Komanso magemu amasiku ano amakonda kugwiritsa ntchito fulemu yapitayo pokonza yotsatira, monga posalaza m'mphepete mwa zinthu, nde ngati fulemu yapitayo ili mu khadi ina ndiye kuti pakhala kudikirana. Mapeto ake GTA V ya 2015 ikhoza kupindulako, koma magemu atsopano omwe akukuvutaniwo adzangogwiritsa ntchito khadi imodzi, inayo ili phee kumangotseka mpweya.

Ndiye pali magetsi. RX 580 imodzi imakoka mawati pafupifupi 185 ikamagwira ntchito mwamphamvu, ziwiri ndi 370, musanawerengere purosesa ndi zina. Pawa sapulayi yomwe muli nayo ndikukayika ngati ingakwanitse, mufunika kugula ina yayikulu, ndalama zinanso zimenezo. Ndipo pa gemu yomwe zonse ziwiri zikugwira, maola atatu okha makhadiwo adya yunitsi yopitirira imodzi pa mita. Ganizirani kutentha kwa Okutobala, kesi yotsekeka, khadi yomwe ili pamwamba ikupuma mpweya wotentha wochokera kwa inzake, mafani ali pa liwiro lonse phokoso ngati chigayo chapatali.

Masiloti awiri aatali aja asakunyengeni. Pa mamathabodi ambiri otchipa siloti yachiwiri ndi yaitali maonekedwe okha, mkati mwake ndi x4 (njira zinayi zodutsa data) pomwe yoyamba ndi x16 (njira 16). Onani mu kabuku kake kapena werengani zomwe zalembedwa pambali pa silotiyo.

Langizo langa ndi ili: gulitsani RX 580 yanu pomwe ikadali ndi msika, phatikizani ndi ndalama zomwe mumafuna kupatsa mnzanuzo, sungani kaye pang'ono ngati zaperewera, mugule khadi imodzi yatsopanoko. RX 6600 ya 2021 imaiposa kutali RX 580 koma imangodya mawati 132, imafuna pulagi imodzi ya mapini 8, nde pawa sapulayi yanu yomweyo ikhoza kukwanira. Ngati thumba likulola RTX 3060 ya 12GB ndi yabwinonso chifukwa cha memore yochulukayo, iyo imadya 170. Ndikudziwa kuti chikwacha chitagwa mu Novembala 2023 zinthu zoitanitsa kunja zinakwera moti munthu kuona khadi yotchipa pafupi mtima umangoti tenga, koma kudikira miyezi ingapo kuli bwino kusiyana ndi kukhala ndi makhadi awiri akale omwe mawa lake palibe angawagule. Podikirapo tsitsani mithunzi ndi zokongoletsa zina mu masetingi, yatsani FSR (njira ya AMD yopepukitsira khadi ntchito yojambula) ngati gemuyo ili nayo, mupumako.

FUNSO: Ine ndimaphunzira zojambula za 3D pa Blender komanso ndimasewerako magemu madzulo. Ndinamva kuti makhadi awiri ndi kutaya ndalama, kodi ndi zoona kwa inenso? Mtsikana wa ku Mzuzu

YANKHO: Achemwali, kwa inu nkhani ndi yosiyana pang'ono. Cycles, gawo la Blender lomwe limatulutsa chithunzi chomaliza (renda), imatha kugawira makhadi awiri ntchito ya chithunzi chimodzi popanda SLI kapena CrossFire, mumangowasankha onse mu masetingi, ndipo poti sipafunika kuthamangitsana ndi sekondi ngati pa gemu, nthawi yodikira renda imatsikadi. Makhadiwo sayenera kukhala ofanana ndendende, koma akhale a kampani imodzi kuti musavutike. Chenjezo n'lakuti memore siphatikizanabe, sini yanu (zonse zomwe mwajambulazo) iyenera kukwana mu khadi yomwe ili ndi memore yochepa. Nde ngati mukugula koyamba yambani ndi imodzi ya memore yambiri, yachiwiri idzabwere ntchito ikayamba kulipira. Madzulo pa gemu idzagwira ndi imodzi basi.

FUNSO: Pa magulupu a Facebook ndi WhatsApp anthu akugulitsa ma RX 580 ndi ma GTX 1660 ambirimbiri otchipa ochokera ku China ndi ku Joni. Ena akuti ndi a mining. Ndi oopsa? Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Ambiri ndi a mining ndithu aise. Ethereum itasintha kachitidwe kake mu Seputembala 2022 makhadi omwe ankakumba ndalama ya pa intanetiyo anasowa ntchito, nde anakhuthukira pa msika dziko lonse mpaka ena kufika kuno. Sikuti onse ndi owonongeka, tchipi chenichenicho chimapirira, zomwe zimatopa ndi mafani omwe akhala akuzungulira usana ndi usiku, komanso phala lija la pakati pa tchipi ndi chitsulo choziziritsira limauma n'kukhala ngati dothi.

Musagule khadi yomwe simunaione ikugwira ntchito. Pitani komweko, aiike mu kompyuta inu mukuona, mutsegule kapulogalamu kaulere ka GPU-Z muone ngati dzina ndi memore zikugwirizana ndi zomwe zalembedwa pa bokosi. Apa samalani kwambiri ndi yolembedwa RX 580 2048SP, inapangidwira msika wa ku China ndipo mphamvu zake ndi za RX 570, pomwe RX 580 yeniyeni imaonetsa mashader (tizigawo tojambula ta mu tchipi) 2304 osati 2048, nde musalipire mtengo wa yeniyeni. Kenako yatsani gemu yolemera kwa mphindi 20 kapena 30, maso pa sikirini: mukaona timadontho tobiriwira, mizere yothwanima kapena sikirini kuda mwadzidzidzi, bwezani pomwepo. Ikani khutu pafupi ndi mafani, kompyuta ikazima muwazungulitse ndi chala, fani yotha imagwedera ndipo imalira ngati muli mchenga. Yang'ananinso tizomangira takumbuyo ngati sitinakalikekalike ndi sikuludiraiva, ndi dzimbiri pa chitsulo chomangira ku kesi. Ena a mining ankasintha BIOS, kapulogalamu ka mkati mwa khadi, nde madalaiva a AMD akamakana kulowa kapena khadi ikamaoneka ndi chizindikiro chachikasu mu Device Manager (mndandanda wa zipangizo mu Windows), funsani wogulitsayo abwezeretse yoyambirira musanapereke ndalama.

Ndipo wogulitsa akakuuzani kuti tengani awiri ndikuchotserani mtengo, werenganinso yankho loyamba lija. Tengani imodzi yomwe yapambana mayeso, ndalama yotsalayo mugulire pawa sapulayi yodalirika ndi ka UPS (kabokosi ka batire kosunga magetsi), chifukwa magetsi akamathima n'kubwerera mwamphamvu khadi ndi mathabodi zimatha kupsa limodzi.