Mafunso a Owerenga: Domeni ikhale pa parking kapena ndimangepo bizinesi?

Akonzi, ndili ndi madomeni (mayina a mawebusaiti) atatu a .com omwe ndinalembetsa zaka ziwiri zapitazo. Onse ndi mayina wamba, si a kampani ya munthu ayi. Ina ndi dzina la nsomba ya m'nyanja yathu ino, ina ndi ya malo ogona alendo, yachitatu ndi ya maboti. Ndimalipira chaka ndi chaka koma sindinaonepo kakobiri. Mnzanga akuti ndiwaike pa parking azindibweretsera madola ndili gone, wina akuti ndimangepo bizinesi. Ndimvere uti?
Wowerenga wa ku Monkey Bay

Achimwene, tiyambe ndi parking poti ndiyo imakoma m'makutu. Mumatsegula akaunti ku kampani ngati Sedo kapena ParkingCrew, n'kusintha ma nameserver (zomwe zimasonyeza komwe domeni ikuloza) a domeni yanu kuti aloze kwa iwo. Pasanathe masiku awiri, aliyense wolemba dzinalo pafoni amapeza tsamba lodzaza ndi malonda a anthu ena. Akadina, otsatsawo amalipira, kampani imadulapo yake, inu mumalandira zotsala.

Pomwe pagona nkhani ndi apa: odinawo achokera kuti? Tsamba lotere Google salionetsa kwa ofufuza chifukwa mulibe kanthu. Amafikapo ndi okhawo olemba dzinalo mongoganizira, kapena otsata linki yakale ngati domeniyo inali ndi webusaiti m'mbuyomu. Yanu munailembetsa yatsopano, ndiye linki zakale palibe. Tiyeni tingoyerekeza kuti pamwezi pafika anthu 300, mwa iwo 15 adina, ndipo kudina kulikonse kukukupatsani masenti 5. Ndiye kuti mwapeza masenti 75 pamwezi, madola 9 pachaka. Pomwe Verisign, yomwe imayendetsa .com, mu Seputembala 2024 inakweza mtengo womwe imalipiritsa ma registrar (makampani omwe mumalembetsako domeni) kufika madola 10.26 pachaka, ndipo iwo amaikapo yawo. Mwalowa kale m'thumba, chikhalirecho anthu 300 tangokukomerani mtima. Kudina kwa munthu wa ku Malawi kumalipiranso zochepa kuposa kwa wa ku America kapena ku Britain, chifukwa otsatsa olimbirana msika wathu ndi ochepa. Kuwonjezera apo, mu 2025 Google inachotsa otsatsa ake pa madomeni a parking, kusiya okhawo odzisankhira kubwererapo, ndipo ndalama za parking zatsika kwambiri.

Musayesenso kutumiza linkiyo m'magulu a WhatsApp kuti abale adine. Makampaniwa amaletsa zimenezo, amazizindikira msanga, ndipo amatseka akaunti ndalama zili momwemo. Phindu la parking kwa inu ndi limodzi: kuwerenga. Ikanipo madomeni onse atatu kwa masiku 90 muone kuti ndi iti imafikidwa ndi anthu enieni, komanso akuchokera dziko liti.

Kumanga bizinesi ndiye kumabweretsa ndalama, koma si dzinalo lomwe limabweretsa. Domeni yabwino ili ngati puloti ya m'mbali mwa nyanja ku Makawa: malo ngabwino, koma opanda chomanga mumangolipirira msonkho. Dzina wamba limathandiza kuti munthu alikumbukire akalimva kamodzi pa wailesi kapena akaliona pa chikwangwani. Kukukwezani pa Google kokha sikungatheke. Kuyambira mu 2012 Google inasiya kukondera mawebusaiti opanda kanthu ongodalira dzina lofanana ndi mawu omwe anthu amafufuza.

Sankhani imodzi yokha, ndipo funso likhale lakuti: ndi katundu uti ndingampereke mawa munthu ataimba foni? Nsomba imaoneka yophweka koma ndiyo yovuta. Chambo chachiwisi chimafuna ayisi ndi firiji, magetsi akazima mwataya katundu. Mwera ukawomba asodzi salowa m'nyanja, nyengo yotseka nyanja ikafika katundu amasowa, mtengo umasintha m'mawa ndi madzulo. Ngati ndi nsomba, yambani ndi usipa ndi utaka wouma, zomwe zimapirira ulendo wa ku Blantyre kapena Lilongwe.

Kwa munthu wa ku Monkey Bay, ife tikuona kuti ya malo ogona ndiyo ili ndi tsogolo, ndipo maboti angolowa momwemo ngati tsamba limodzi. Musalimbane ndi Booking.com, webusaiti yosungitsirapo malo ogona, pa mahotela akuluakulu. Pitani kwa eni malo ang'onoang'ono a ku Cape Maclear, Nkopola ndi Namiasi omwe alibe webusaiti, ndi kwa eni maboti operekeza alendo ku zilumba za Thumbi ndi Domwe. Gwirizanani molemba kuti mlendo aliyense wodzera kwa inu mudzadyapo zingati. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: mlendo akangoona nambala ya mwini malo pa tsamba lanu, amaimba yekha, inu n'kutsala chimanjamanja. Choncho nambala ikhale yanu, ndipo mlendo alipire ya chikole kwa inu kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, yotsalayo akalipire akafika.

Webusaitiyo isakhale ya chionetsero. Hosting (malo osungirapo webusaiti) yotsika mtengo, WordPress (pulogalamu yomangira webusaiti), ndi satifiketi ya SSL (yotetezera tsamba) yaulere ya Let's Encrypt n'zokwanira. Malo aliwonse akhale ndi tsamba lake: zithunzi zojambula nokha, mtengo wa chipinda, ngati pali jenereta kapena sola, mtunda wake kuchokera pa Boma, ndi mmene msewu umakhalira nthawi ya dzinja. Chithunzi chilichonse chichepetsedwe chisapitirire 200 KB, apo ayi munthu wa bandulo yochepa amatseka tsamba lisanatseguke. Batani la WhatsApp likhale poonekera. Lembani m'Chichewa ndi m'Chingerezi, poti alendo ambiri a kunyanja amafufuza m'Chingerezi. Kalembetseni bizinesi kwa Registrar General ndi kutenga TPIN ku MRA. Mabungwe ofuna malo a misonkhano salipira munthu wopanda mapepala.

Chimapha mawebusaiti otere si kusowa luso. Ndi mitengo ya chaka chatha yosasinthidwa, uthenga woyankhidwa mawa lake, ndi WordPress yosiyidwa miyezi osaikonzanso mpaka akuba alowetsamo malonda a juga. Ndipo ngati mulemba mnyamata woti akumangireni, mpatseni makiyi a hosting okha. Akaunti ya domeni ikhale m'dzina lanu ndi pa imelo yanu, chifukwa mukadzayambana, mwini wake ndi amene dzina lake lili kwa registrar.

Madomeni awiri otsalawo aikeni pa msika wa madomeni ngati Afternic kapena Sedo ndi mtengo wolembedwa poyera. Akagulidwa amadulapo komishoni, kwina yoposa 20 peresenti. Musanyengeke ndi nkhani ya Voice.com yomwe inagulidwa madola 30 miliyoni mu 2019. Lija ndi liwu limodzi la Chingerezi lofunidwa dziko lonse, pomwe dzina la nsomba yathu ofuna ndi owerengeka. Pakatha chaka popanda wofunsa, asiyeni afe.

Akonzi, khadi langa la kubanki likukanidwa polipira madola, ndipo domeni yanga itha mwezi wamawa. Ikatha ndiye kuti yapita?
Mayi wa pa Boma, Mangochi

Mayi, siipita tsiku lomwelo, koma musadalire zimenezo. Domeni ya .com ikatha, webusaiti ndi imelo zimaleka kugwira ntchito, ndipo registrar amakupatsani masiku ena oti mulipire pa mtengo wa nthawi zonse. Masikuwo sapitirira 45, ndipo ena amapereka ochepa n'kuyamba kuigulitsa pa okushoni. Kenako pamabwera masiku 30 oiwombola ndi chindapusa choposa mtengo wa chaka kangapo, ndiye masiku 5 omaliza omwe simungachite kanthu. Pitani kubanki sabata ino mukafunse ngati khadilo n'lololedwa kulipira kunja komanso malire ake. Zikakanika, makampani a hosting a konkuno amalandira makwacha. Funsani ngati mungasamutsire domeniyo kwa iwo, ndipo yambani isanathe poti kusamutsa kumatenga pafupifupi sabata. Madola akapezeka, lipirirani zaka zingapo nthawi imodzi; .com imalola mpaka zaka 10.

Akonzi, wina wandilembera imelo kuti agula domeni yanga madola 15,000, koma ndiyambe ndalipira kampani yomwe wanditchulira kuti iyeze mtengo wake. Ndilipire?
Wowerenga wa ku Namwera

Musalipire, bambo. Wogulayo ndi woyezayo ndi munthu mmodzi, ndipo mukangotumiza ndalama sadzayankhanso. Wogula weniweni amavomera kudzera pa Escrow.com kapena pa Sedo: iye amaika ndalama kumeneko, iwo amakutsimikizirani kuti zafika, ndipo pamenepo m'pamene mumatsegula loko ya domeni ndi kupereka kodi yosamutsira.