Kwa achimwene amene anadya ndalama za kwaya

Achimwene, ndawerenga zimene mwalemba m'gulu muno mobisa dzina zija, ndemanga za anthu ndaziwerenganso. Mwati munali msungichuma wa kwaya kumpingo kwanu ku Ndirande, ndalama zimene anzanu ankasonkha za yunifolomu munazithera kubetcha mpira ndi mowa, ndipo zitaululika munangosowa. Mwakwera phiri la Soche kukasala kudya, mwachezera m'mapemphero a usiku, aneneri akusanjikani manja, koma mtima ukadali gwa. Ndiye mukufunsa ngati Mulungu angakulandireninso, komanso ngati kuli bwino mukabatizidwenso kumpingo wina kumene sakukudziwani.

Funso loyambalo yankho lake ndi inde, ndipo sindikunena mokunyengererani. Taonani Petro. Anakana Ambuye katatu ali pabwalo la mkulu wa ansembe, akuotha moto wamakala pamodzi ndi antchito chifukwa kunali kuzizira. Yesu atauka anamupeza kunyanja, wabwerera ku usodzi wake wakale. Werengani Yohane 21 modekha. Pagombe panali moto wamakala, nsomba zili pamoto, mkate uli pomwepo. Yesu anayamba wamudyetsa, kenaka n'kumufunsa katatu ngati amamukonda, ndipo katatu konse anamupatsa nkhosa zoti aziweta. Sanamuuze kuti akasale kaye masiku makumi anayi kapena abwere ndi chopereka. Petro yemweyu ndi amene analemba pa 1 Petro 1:18-19 kuti sitinaomboledwe ndi siliva kapena golide koma ndi mwazi wa Khristu. Choncho amene akukuuzani kuti mubzale mbewu ya ndalama kuti tsoka lichoke akukugulitsani chinthu chimene chinalipiridwa kale pa mtanda. Zimandipweteka kwambiri kuona munthu wangongole akutapidwa ndalama zina m'dzina la Mulungu.

Tsopano funso lachiwirilo, apa ndiye ndikhalitsapo, chifukwa ndikuona kuti ndi pamene pagona nkhani yanu.

Za kusiyana kwa mipingo pa ubatizo sindilowamo, m'gulu muno tilimo a mipingo yambiri ndipo timalemekezana. Koma inu chimene chikukukokerani kumpingo wina si chiphunzitso cha ubatizo. Mukufuna malo amene palibe akudziwa za yunifolomu. Mudzalowa m'madzi, mudzavuuka, anthu adzaimba, koma tsiku lina mudzakumana ndi mayi wa alito uja mu minibasi ya ku Limbe, ndipo mudzayang'ana pawindo mpaka kukatsika. Akulu anati mlandu suwola. Kuuma mtima mukumvako sindikukhulupirira kuti ndi chiwanda kapena temberero la makolo monga ena alembera pamwambapa. Davide anakufotokoza pa Salimo 32, kuti nthawi imene anakhala chete osaulula, mafupa ake anakalamba ndipo mphamvu zake zinauma ngati m'chilimwe. Chikumbumtima chanu chikugwira ntchito, ndipo imeneyi ndi nkhani yabwino. Munthu amene Mzimu wamuleka sadzuka usiku kulemba zimene mwalembazi.

Yesu ananena poyera pa Mateyu 5:23-24 kuti ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye choperekacho pomwepo, ukayanjane naye kaye. Zakeyu wa ku Yeriko, mkulu wa okhometsa msonkho, Yesu analowa m'nyumba mwake asanabweze kalikonse. Chisomo chinayamba ndicho. Koma chisomocho chitalowa, Zakeyu anaimirira n'kulonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Kubwezako sikunagule chipulumutso, kunangoonetsa kuti chafikadi pakhomopo. Inu mwafunafuna chitsitsimutso paphiri pamene njira yake ikudzera pakhomo pa wapampando wa kwaya.

Kwathu kuno ndinaonapo bambo wina akuyenda njira imeneyi. Anadya ndalama za chitukuko cha tchalitchi, seshoni, bwalo la akulu a mpingo, inamudula, anakhala nthawi osaoneka. Tsiku lina anatulukira pa mlaga, mapemphero a m'makomo aja, Lachinayi madzulo, tili pamphasa pakhonde la mayi wina wamasiye. Sanakhale pampando umene anamupatsa. Anagwada pakona, chipewa chili m'manja, n'kutchula ndalamazo mmene zinalili, osachotsera, osanamizira mavuto a kunyumba. Panali zii. Kenaka gogo wina amene anasonkha nawo ndalamazo pogulitsa mandasi anayambitsa nyimbo ndi mawu onjenjemera, ife n'kulandira. Pambuyo pake bamboyo anagula kope, mwezi uliwonse akalandira ankabweretsa kangachepe, mlembi n'kusaina. Ankakhala kumbuyo, Mgonero ukumudutsa, mpaka tsiku limene abusa anamuitana kutsogolo n'kumubweza pamaso pa mpingo wonse. Sindidzaiwala mmene dzanja lake linkanjenjemerera polandira kachikho kaja.

Sindikubisirani, njira imeneyi ndi yowawa. Mwina akudulani. Ena adzakukhululukirani ndi pakamwa pokha, ena adzagwira chikwama chawo mukamadutsa. Mwinanso simudzasunganso ndalama za mpingo moyo wanu wonse, ndipo ine ndingati zimenezo n'zoyenera, n'kukutetezani inu nomwe. Davide mneneri Natani anamuuza kuti tchimo lake lachotsedwa, koma zotsatira zake zinamutsatabe m'banja. Kudulidwa si kutayidwa. Mpingo ukamachita bwino umadula ndi cholinga chobweza.

Ndiponso mpingo umene mukuuopawo nawonso unachokera kutali. Mishoni ya Blantyre, imene inabala mpingowo, inayamba mu 1876, ndipo pasanathe zaka zisanu inali itagwa m'manyazi aakulu. Amishoni oyambirira anadziika kukhala oweruza milandu, ankakwapula anthu ndi zikoti, ndipo munthu wina anafa nazo. Nkhani inamveka mpaka ku Scotland, mtsogoleri wa mishoni Duff MacDonald ndi anzake ena anachotsedwa. Mu 1881 kunabwera David Clement Scott kudzayambiranso pamalo pomwepo pamene panachitikira zoipazo. Sanasamuke kukabisala kwina. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene timachinyadira lero chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi manja a anthu akuno amene anali asanamangepo nyumba yotero, njerwa zoumba ndi kuotcha pomwepo. Mukamadutsa pa HHI, pamishoni paja, muzichiyang'ana ndi maso amenewo. Mulungu anamanga pamalo pamene anthu ake anachimwira.

Zochita zake nazi mmene ndikuzionera. Musayambe ndi gulu lonse la kwaya, pitani kaye kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu kapena kwa abusa, muwauze zonse, chiwerengero chenicheni. Musalonjeze kubweza tsiku limodzi ndalama zimene mulibe, chifukwa mudzakatenga katapila n'kugwera m'dzenje lina. Nenani zimene mungathe pamwezi, zilembedwe, ndipo muzitumiza pa Mpamba kapena Airtel Money kuti pakhale umboni. Za kubetchazo musadzinamize kuti mupambana kamodzi n'kubweza zonse, bodza limenelo ndi lomwe linadya yunifolomu. Chotsani zobetchera mufoni, ndipo ngati muli pabanja akazi anu adziwe tsiku la malipiro ndi kuchuluka kwake. Anzanu a pa shabini muwauze nokha kuti mwasiya, asamve kwa ena. Pemphero musasiye, Salimo 51 likhale lanu m'mawa uliwonse, ngakhale masiku amene simukumva kanthu mumtima. 1 Yohane 1:9 imati tikavomereza machimo athu Iye ndi wokhulupirika kutikhululukira, sikuti tikamva kutentha m'thupi kapena tikagwa pansi.

Ndilankhuleko ndi abale amene mwalemba kuti wakuba ndi wakuba basi. Kupwetekedwa kwanu ndikukumva, mwina nanunso anakudyeranipo za banki mkhonde. Koma Paulo pa Agalatiya 6:1 anatiuza kuti wogwa timubweze ndi mzimu wofatsa, tikudziyang'anira tokha. Ndipo pa 2 Akorinto 2 anachonderera mpingo kuti munthu amene walangidwa kale amukhululukire ndi kumutonthoza, kuti chisoni chisamumize. Paulo yemweyu anakangana ndi Barnaba chifukwa cha Maliko amene anawathawa paulendo, koma ali m'ndende atakalamba analembera Timoteo kuti abwere naye Malikoyo chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Munthu akabwera yekha kudzaulula, ife n'kumuponya miyala, tikuphunzitsa ena onse kuti azibisa.

Achimwene, ngati miyendo ikulemera kupita nokha, ndilembereni kumbali, dzina lanu silituluka kwa ine. Loweruka masana ndimakhala ndilibe zochita, tikhoza kukumana pa msika wa Ndirande n'kupitira limodzi kwa abusa anu. Ine ndikakhala panja ngati mungafune, zolankhula mukalankhula nokha.