Kumveka ngati Eno si kubera

Achimwene, mwafunsa ngati chimbale chatsopano chimene tikukanganirana muno chili ndi zakezake, kapena mwiniwake wangokopera Brian Eno, katswiri wa ku England wa nyimbo zofatsa zotchedwa ambient. Ine ndachimvera kanayi, kawiri konse ndi mahedifoni usiku anthu atagona, ndipo ndikuti sanabere, ngakhale ndikumvetsa chimene chikuwapweteka anzathu amene akuti wakopera.

Zimene akulozazo zilimodi: synthesizer (chida choimbira chopanga mawu ndi magetsi) yokoka mawu mpaka kutali, piyano yodontha kamodzikamodzi, reverb (kumveka kwa mawu ngati ali m'chipinda chachikulu) yochuluka, ng'oma palibe. Koma ambient ndi imeneyo basi. Mukamudzudzula pa zimenezi ndiye kuti mwadzudzula onse oimba nyimbo zamtunduwu. Eno yemweyo anali ndi pomwe anatapa. Mu chimbale chake cha Music for Airports cha 1978 anadula matepi, ena aatali ena aafupi, n'kuwalumikiza kuti azingozungulira, moti mawu ake akamakumana sakumana mofanana. Nzeru imeneyi anaionera kwa Steve Reich, wopeka nyimbo wa ku America, amene mu 1965 ankayendetsa matepi awiri a mawu amodzimodzi mpaka atasemphana, ndipo Eno amavomera yekha poyera. Nawo maganizo oti nyimbo izingokhala m'chipinda ngati mpando, osakukakamiza kuimvetsera, Erik Satie, wopeka nyimbo wa ku France, anali nawo kale cha m'ma 1917.

Taganizaninso za William Basinski, wopeka nyimbo winanso wa ku America. Nayenso ndi wa matepi ozungulira, koma mu The Disintegration Loops ya 2002 matepi ake anali akale, akuyoyoka uku iye akujambula, ndiye umamva nyimbo ikufa pang'onopang'ono m'khutu mwako. Chida n'chimodzi, koma ndani angasokoneze awiriwa?

Kubwerera ku chimbale chathuchi, ndivomere kuti nyimbo ziwiri zoyambirira n'zofooka. Zikumveka ngati anangotenga mawu obwera kale ndi pulogalamu ya pakompyuta osawasintha, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene akuti "wakopera" anathera pomwepo. Nyimbo yachitatu ndi imene inandigwira mtima. Pali liwu lina la pansi limene limatsetsereka pang'onopang'ono kuchoka pa kiyi, mpaka umayamba kusowa mtendere osadziwa chifukwa chake, kenako cha pa mphindi 7 zonse zimangoti zii, n'kutsala kaphokoso kokha ka m'chipinda chimene ankajambuliramo. Eno mu Music for Airports muja anatchera makina n'kuwaleka aziyenda okha kuti munthu akhazikike mtima. Mwini chimbale chatsopanochi dzanja lake likumveka, akusankha yekha pokudzidzimutsa. Ulendo woyamba ndinaimitsa nyimbo pamenepo n'kukhala kaye duu.

Kuba kwenikweni n'kutenga sample (kachidutswa kojambulidwa kale) m'nyimbo ya wina popanda chilolezo komanso osamutchula. Ngati pali wina muno amene wamva zotero, atiuze nyimbo yake ndi mphindi yake, ndidzakhala woyamba kusintha maganizo. Inu achimwene yambirani pa yachitatuyo, muimvere yonse osadumpha, mudzatiuze zimene mwamva pa mphindi 7 paja.