Mizinda isanu pa sitima ndi ana atatu: yankho langa kwa mayi a ku Kasungu

Mayi ena a ku Kasungu andilembera imelo. Akuti iwo ndi bambo akunyumba akhala akusunga kandalama, ndipo ana awo atatu akatsekera sukulu akufuna kuwatenga pa ulendo wa pa sitima wa masabata awiri: Lilongwe, Blantyre, Lusaka, Livingstone, kenako Dar es Salaam. Akufunsa kuti ayambire pati.

Mayi, kalata yanu yandikhudza malo owawa. Ine ndine wa ku Mchinji, ndipo ndinakulira pafupi ndi njanji. Njanjiyi inafika kwathu m'chaka cha 1980, itachoka ku Salima n'kudzera ku Lilongwe, ndipo anaimanga ndi thandizo la dziko la Canada. Tili ana tinkayenda pamwamba pa zitsulo zake popita kusukulu, manja tili tambasu, kupikisana kuti agwe msanga ndani. Tinkagunditsa khutu pa chitsulo chotentha kuti timve ngati kukubwera kanthu. Koma chikulire changa sindinakwerepo sitima pa siteshoni ya kwathu. M'chaka cha 2010 analumikiza njanji ija mpaka ku Chipata, ife n'kumati basi zatheka, tizipita kukaona abale ku Zambia titakhala pa mpando wa sitima. Lero mukafika pa siteshoni paja mupeza udzu ndi mbuzi. Mwana wa ku Mchinji amadziwa njanji, sitima ya anthu saidziwa. Wa ku Kasungu ndiye ngakhale njanjiyo sanaionepo, chifukwa kumeneko sinafikeko n'komwe.

Ndiye choyamba ndinene mosabisa: ulendo umene mwaulemba m'kalatamo kulibe. Palibe sitima ya anthu yochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre imene mungakonzerepo tchuthi, ndipo palibe yochoka ku Malawi kupita ku Lusaka. Njanji ya ku Chipata ija imathera pomwepo, sinakalumikizane ndi njanji zina za ku Zambia. Sindikunena izi kuti ndikugwetseni ulesi. Ndikunena chifukwa inenso njala yomweyi inandigwira, ndipo inandivutitsa zaka zambiri mpaka ndinaipezera njira.

Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 4 anabwera ndi buku la kusukulu muli chithunzi cha sitima. Anandifunsa kuti, "Ababa, kodi m'sitima anthu amagona bwanji?" Ndinasowa chomuyankha. Bambo wamkulu ndithu, wokulira m'mbali mwa njanji, koma osadziwa. Madzulo omwewo ndinauza mayi ake kuti ana awa akakwere sitima ndisanakalambe. Tinayamba kuponya pang'onopang'ono ku banki m'khonde, ndipo titagulitsa mtedza ndi soya chaka chotsatira tinanyamuka. Amayi anga anakana kutsala. Anati iwonso sangafe asanaone chinthu chimene njanji yake anaiona ikumangidwa ali ndi mwana kumsana.

Tinadzera kwanu komweko ku Kasungu, msewu wa M1 mpaka ku Mzuzu, kutsika Chiweta nyanja ili mbee kumanja, kugona ku Karonga. M'mawa mwake tinaoloka pa Songwe n'kukwera basi ya ku Mbeya. Kumeneko n'kumene tinakumana ndi TAZARA, njanji imene anamanga anthu a ku China pakati pa 1970 ndi 1975, yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi ku Zambia mpaka ku Dar es Salaam. Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere anaifuna kuti kopa wa ku Zambia azifika kunyanja osadzera kumayiko a kumwera amene nthawi imeneyo ankalamulidwa ndi azungu. Ndimaikonda mbiri imeneyi, chifukwa imandikumbutsa kuti njanji imamangidwa pamene atsogoleri aifunadi.

Tinatenga kachipinda ka mabedi anayi, awiri pansi awiri pamwamba. Ana analimbirana apamwamba. Amayi anga anakhala pawindo, n'kumasula kansalu kawo ka mtedza wokazinga umene anachoka nawo kumudzi, ndipo sanasunthepo mpaka mdima. Sitima itayamba kugwedezeka anagwira mkono wanga mwamphamvu, kenako anaseka mpaka misozi. Pa masiteshoni ang'onoang'ono amayi ogulitsa malonda ankathamangira ku mawindo, mabeseni a nthochi ali pamutu, ena mpunga, ena mbatata yootcha, ndipo malonda ankachitikira pawindo pomwepo, ndalama kutsika, nthochi kukwera. Amayi anga sadziwa Chiswahili, koma anatsitsitsa mtengo ndi zala zokha, wogulitsayo n'kuwaonjezera ziwiri za basela. Pakati pa Makambako ndi Mlimba njanji imalowa m'mapiri, kuboola mapanga ndi kuoloka milatho yaitali, ndipo kutsogolo kwake imadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Selous, imene mbali yake yaikulu pano akuitcha Nyerere National Park. Ukadutsapo kukuwala umatha kuona nyama uli pawindo. Mwana wanga wamwamuna, amene m'minibasi amasanza tisanafike pa Namitete, m'sitima anayenda uku ndi uku m'kakhonde, anapeza anzake a ku Zambia, ndipo anagona tulo tofa nato.

Ku Dar es Salaam tinaona nyanja yamchere, msika wa Kariakoo, zombo zikuluzikulu padoko. Koma mukawafunsa ana anga lero za ulendo uja, mzindawo sautchula. Amanena za bedi la pamwamba, za chipinda chodyeramo chimene supu imagwedezeka m'mbale, za agogo awo ndi nthochi.

Apa ndiye pamene ndikufuna ndilimbe mawu, mayi, ndipo mundikhululukire. Mizinda isanu m'masabata awiri ndi ana atatu si tchuthi. Ndi chilango, ndipo wolangidwa kwambiri mudzakhala inuyo. Bambo adzanyamula chikwama chachikulu n'kumaona ngati agwira ntchito. Koma wopakira ndi kupakula zovala pa malo ogona alionse, wochapa tizovala ta wamng'ono m'bafa usiku, wowerenga mitu pa depoti iliyonse, wodziwa kumene kuli mankhwala a mutu ndi sokosi yotayika, ndinu. Ndinaona mayi a kunyumba kwanga mmene anatopera pa mbali ya mabasi, ndiponso mmene nkhope yawo inamasukira titangotseka chitseko cha kachipinda kaja, podziwa kuti palibenso kutsika ndi kukwera mpaka mawa. Mzinda uliwonse umene muonjezera ndi tsiku lathunthu lothera pa mseu, ndi takisi ina, ndi malo ogona ena oti mukambirane mtengo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Komanso taonani mapu. Livingstone ili kummwera kwenikweni kwa Zambia, Dar es Salaam ili kumpoto chakummawa, kunyanja. Mukafuna zonse ziwiri ndiye kuti mtunda wa Lusaka ndi Livingstone, umene ndi makilomita oposa 450, muuyenda kawiri musanayambe n'komwe ulendo wa ku Tanzania. Ana adzafika pa sitima yeniyeniyo atatheratu.

Ndikudziwa chimene chimatikankha kuti tilembe mizinda yambiri chonchi. Ife kuno sitinazolowere kuyenda kopanda chifukwa. Timakwera basi popita kumaliro, kuukwati, kuchipatala, kukalandira katundu. Munthu akati akupita kokangoona malo, anthu amayamba kunong'ona kuti ndalama zamuchulukira, mwinanso kuti wakhwimira. Ndiye mwayi ukapezeka kamodzi timafuna tione dziko lonse, kuti ndalamayo ioneke kuti yagwira ntchito, kuti pa Facebook pakhale zithunzi za malo asanu. Ine ndikuti simukuyenera kufotokozera aliyense. Ndalama mwaivutikira nokha. Kutengera ana anu kunja kwa boma lawo kuti aone kuti dziko ndi lalikulu, kuti kuli anthu olankhula zina koma okoma mtima chimodzimodzi, ndi maphunziro oposa ena amene timalipirira fizi. Musachite nazo manyazi, ndipo musazichulutse pofuna kusangalatsa anthu oonera.

Ndipo pali chimene chimandipsetsa mtima ndikamalemba izi. Kasungu ndi Mchinji ndi maboma odyetsa dziko. Fodya wa ku Chinkhoma ndi wa ku Kanengo, mtedza, soya, chimanga, zonsezi zimayenda pa mathiraki amene amakumba maenje mu M1 ndi mu msewu wathu wa M12, pamene njanji ili gone pambali. Banja la ku Mchinji lofuna kukaona nyanja ku Salima likanatha kukwera pa siteshoni ya kwawo m'mawa, chifukwa njanji yake ndi yomweyo. M'malo mwake timapanikizana anayianayi pa mpando, mwana pamiyendo, thumba la ufa pamapazi. Anzathu a ku Tanzania anayamba kuyendetsa sitima ya magetsi m'chaka cha 2024, kuchokera ku Dar es Salaam kudzera ku Morogoro mpaka ku Dodoma. Ife njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ku Salima mu 1935, ndipo patapita zaka zonsezi mayi wa ku Kasungu ayenera kuoloka malire kuti ana ake agone m'sitima. Zimenezi sindizivomereza, ndipo amene timawavotera tiziwafunsa za njanji monga mmene timawafunsira za feteleza.

Nanga kuno kwathu kulibiretu?

Iliko, ndipo musaipeputse. Kummwera kuli sitima ya anthu imene imachoka ku Limbe kudzera ku Balaka, n'kukhotera pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambique. Ndi sitima ya anthu a m'midzi ndi a geni, yodzaza ndi matumba a mpunga, nsomba zouma ndi njinga. Siyenda tsiku lililonse, ndipo masiku ake muyenera kukafunsa ku siteshoni ya Limbe musanakonze china chilichonse. Ngati mapasipoti a ana sanatuluke, kapena thumba lachepa, uwu ndi ulendo wabwino ndithu: basi mpaka ku Blantyre, kugona masiku angapo, sitima mpaka ku Balaka kapena ku Liwonde, kenako kukaona njovu ndi mvuu ku Liwonde National Park, n'kubwerera pa basi. Ana adzakhala atakwera sitima, ndipo ndalama zakunja simudzazifuna.

Koma ngati mtima uli pa sitima yogonamo

Sankhani Tanzania yokha, Lusaka ndi Livingstone muzisungire chaka china. Anthu a kwathu ku Mchinji akhoza kudzera pa Mwami, Chipata, Lusaka mpaka ku Kapiri Mposhi n'kukwera njanji yonse, koma umenewo ndi mtunda wa makilomita oposa 700 pa basi, kenako masiku awiri m'sitima. Inu muli kale pa M1, ndiye lunjikani kumpoto. Gonani ku Mzuzu kapena ku Karonga, olokani Songwe m'mawa, ndipo mukafike ku Mbeya kutatsala tsiku lathunthu sitima isanabwere. Kumbukirani kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndiponso kuti ku Mbeya ndi kumapiri, mu Julayi ndi Ogasiti kumazizira zedi, majuzi musasiye.

Yambani ndi tsiku la sitima, zina zonse zitsatire pambuyo. Siyenda tsiku lililonse, masiku ake amasintha, choncho imbani ku siteshoni ndipo musungitse malo kukadali nthawi. Pemphani kachipinda konse. Muli asanu, ndiye ka mabedi asanu ndi limodzi ka kalasi yachiwiri kakukwanani ngati mutalipira onse, kapena ka mabedi anayi ka kalasi yoyamba ngati wamng'ono angagone ndi inu. Mukapanda kutenga konse, amuna ndi akazi amawagoneka kosiyana, bambo n'kupezeka ali bogi ina. Sitima za mtunda wautali zimachedwa, nthawi zina maola ambiri, ndiye tsiku lofika ku Dar es Salaam musaikepo boti, ndege kapena chilichonse cholipiriratu. Khalani mumzindamo masiku anayi kapena asanu pa malo amodzi. Mukafuna mzinda wachiwiri, kwerani sitima ya magetsi ija kupita ku Morogoro, kapena boti la ku Zanzibar limene limatenga pafupifupi maola awiri. Chimodzi mwa ziwirizi, osati zonse. Pobwerera siyani masiku awiri opanda kanthu sukulu isanatsegulidwe.

Kamba wa paulendo nyamulani wanu ngakhale m'sitima muli chakudya: mtedza, buledi, mazira owiritsa, tiyi mu fulasiki, madzi akumwa ambiri, pepala la kuchimbudzi, sopo, tochi, ndi zitenje ziwiri zofunditsa ana. Ndalama za ku Tanzania muzipeze musanakwere, ndipo muzigawe pawiri, zina kwa inu zina kwa bambo. Amalawi sitifuna viza polowa ku Tanzania, koma aliyense, ngakhale wamng'onoyo, ayenera kukhala ndi chiphaso chake choyendera. Zimenezi yambani kuzilondola sabata ino, ndipo mtengo wa mapasipoti atatuwo muuwerengere limodzi ndi matikiti musanauze ana tsiku lonyamuka.