Njerwa za bowa: yankho kwa Bambo a ku Luwinga

Bambo ena a ku Luwinga, amene amalima bowa wa oyisitara, anditumizira imelo. Akuti zotsala akakolola bowa zimagwirana n'kuuma gwaa, ndiye akufunsa ngati angaumbe nazo njerwa, komanso ngati mulibe poizoni.

Zikomo Bambo. Chimene chagwirizitsa zotsalazo ndi ulusi woyera wa bowa uja. Umalowerera mu utuchi kapena m'mapesi amene mumalimamo bowa n'kumadya lignin ndi cellulose, zinthu zimene zimalimbitsa mtengo. Ulusiwo uli ndi chitin, yomwe imapezekanso m'chigoba cha nkhanu. Akatswiri akaunika ndi makina a FTIR, amene amagwiritsa ntchito kuwala pozindikira zimene zili m'chinthu, amaona lignin itachepa, pomwe chitin ndi mapuloteni zawonjezeka. Ndiye kuti bowa wadya mbali ina ya mtengo n'kumata yotsalayo.

Nzeruyi si yachilendo. Kampani ya Ecovative ku America, yomwe inakhazikitsidwa mu 2007, inayamba kupanga zolongedzera katundu mwa njira imeneyi, ndipo mu 2014 ku New York anamanga nsanja ya njerwa za mapesi ndi bowa. Koma inali yachionetsero; miyezi ingapo itatha anaigwetsa, njerwazo n'kusanduka manyowa.

Choncho khoma la nyumba ayi, Bambo, musayese. Zinthuzi n'zopepuka, sizisenza katundu wolemera, ndipo zimamwa madzi. Ndi mvula yathu ya ku Mzuzu kuno, yomwe imachedwa kusiya, zingachite nkhungu msanga. Kumene zingakuthandizeni ndi pamwamba pa siling'i potchinga kuzizira, kapena polongedza zinthu zosachedwa kusweka. Muziumitse pa moto wa uvuni mpaka bowayo aferetu.

Za poizoni ndiye zandikhudza kwambiri. Bowa saononga zitsulo zoopsa, ndipo zina amazikokera m'thupi mwake. Matabwa ndi mapolo othiridwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuwola otchedwa CCA, aja ooneka obiriwira, ali ndi arsenic, chromium ndi kopa. Penti wakale amatha kukhala ndi mtovu. Utuchi wotere ukalowa m'thumba lanu lolimamo bowa, poizoniyo atsalira m'chimene mwaumbacho, ndiponso atha kufika m'bowa amene anthu akudya. FTIR siionetsa zitsulozi, zimafuna kuyeza kwina. Funsani a Malawi Bureau of Standards.

Muzitenga utuchi wa mitengo yongochekedwa kumene, ndipo wochekayo muzimufunsa kumene mtengo wachokera. Wa paini wa ku Chikangawa uli ndi utomoni umene umachedwetsa bowa, choncho uyambe wakhala pamulu miyezi ingapo, kenako muusakanize ndi mapesi.