Amalume, ku Rothenburg musanyamule kamba

Eee, Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani, uthenga wanu ndauona mochedwa, dzulo ndinagwira ya usiku, ndangodzuka kumene. Ndati ndingolankhula, chifukwa kuti ndilembe zonsezi zala zitopa.

Ndiye mwati anzanu a kumaphunziro ku Nürnberg kuja, kuno ku Jeremani, akonza zoti Lamulungu mukaone tawuni ya Rothenburg, nkhomaliro mukadye komweko, ndipo inu poti nkhumba simudya, mowa simumwa, mukufunsa ngati ndi bwino munyamule kamba wanu. Ndaonanso amayi ayankha kale kuti mungogula buledi ndi nthochi muike m'chikwama. Amayi, pepani, apa nditsutsana nanu pang'ono. Amalume, musanyamule kanthu. Mwayenda ulendo wonsewu kuchokera ku Lilongwe, ndiye anzanu akhale patebulo akudya, inu muli pabenchi panja mukusenda nthochi, kunja kukuzizira chonchi mu Okutobala muno? Ayi, zimenezo zingandipweteke mtima. Chakudya choti inu mudye chilipo, chabwinonso, bola mudziwe pomwe nkhumba imabisala.

Ndiyambe ndi pomwepo, chifukwa ndiye nkhani yaikulu. Dera limeneli amalitcha Franken, ndi kumpoto kwa Bayern, ndipo anthu ake nkhumba ndiye ndiwo yawo ya tsiku ndi tsiku. Mukalandira menyu, chinthu chomwe amanyadira kwambiri ndi Schäufele. Ndi phewa la nkhumba lowotcha, limabwera ndi fupa lake ndi chikopa chokhuthala pamwamba. Anzanu ambiri aitanitsa chimenecho, inu chidumpheni. Bratwurst, masoseji awo aja, nawonso ndi nkhumba. Zimenezi n'zosavuta, zimaonekeratu. Zovuta ndi zomwe dzina lake silitchula nkhumba koma ili mkati.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga. Chaka chatha tinapita komweko ndi mnzanga wa kuntchito, Msilamu wa ku Tanzania. Tinalowa m'lesitilanti ina, iye anaona pamenyu palembedwa Rinderroulade. Rind ndi ng'ombe, ndiye anati basi, ndapeza changa. Mbale inabwera, nyama yopindidwa bwinobwino ngati mkeka, msuzi wakuda bii, fungo lokoma. Atangodula pakati, tinaona mkati muli anyezi, kankhaka kowawasa, ndi kachidutswa koyera kamafuta. Kameneko ndi Speck, nyama ya nkhumba yofutsa ndi utsi. Anaika foloko pansi, sanalankhule kanthu, ine mpaka chakudya changa chinandikanika. Sikuti anatinamiza ayi, Roulade amaphika choncho kulikonse m'dziko muno, ife ndi amene sitinafunse. Kuyambira tsiku limenelo ndimafunsa chilichonse.

Ndiye mawu oti muwaloweze ndi anayi okha: Schwein, Speck, Schinken, Schmalz. Onse akuyamba ndi S, savuta. Schwein ndi nkhumba yeniyeniyo, Speck ndi ija ndanenayi, Schinken ndi hamu, Schmalz ndi mafuta. Pa Schmalz pamafunika kusamala, chifukwa Schweineschmalz ndi mafuta a nkhumba, koma Butterschmalz ndi a batala, amenewo alibe vuto. Speck amakonda kumuponya mu saladi wa mbatatesi, mu nyemba zaziwisi, mu mbatatesi yokazinga, ngakhale mu Sauerkraut, kabichi wowawasa uja. Woperekera chakudya akabwera mungoti, "Ohne Schweinefleisch, bitte," kutanthauza kuti popanda nkhumba, chonde. Kenaka muloze chomwe mwasankha mufunse kuti, "Ist da Speck drin?" Musachite manyazi. Kuno munthu wofunsa za chakudya samuona ngati wovuta, anazolowera, ndipo ku Rothenburg alendo ndi ambiri moti operekera ambiri Chingerezi amamva. Akapanda kudziwa amapita kukhitchini kukafunsa wophika.

China chomwe chimapusitsa anthu ndi Schnitzel, nyama yopyapyala yokazinga ndi nyenyeswa za buledi. Pakalembedwa Wiener Schnitzel ndiye kuti ndi ya mwana wa ng'ombe, ndipo imadula. Pakalembedwa Schnitzel Wiener Art, mawu oti Art amenewo akutanthauza kuti angotengera kaphikidwe, nyamayo nthawi zambiri ndi nkhumba. Mukaona Putenschnitzel, imeneyo ndi nkhukundembo, idyani.

Tsopano ndikuuzeni chomwe ine ndikufuna mukadye, chifukwa mwabwera nyengo yabwino. Nsomba, Amalume. Karpfen. Kuno amadya nsomba imeneyi m'miyezi yomwe dzina lake la m'Chijeremani lili ndi R, kuyambira Seputembala mpaka Epulo, ndiye pano yangoyamba kumene. Amaiweta m'madamu ambirimbiri kudera la Aischgrund, si kutali ndi komwe mukupitako, ndipo akhala akuweta kwa zaka mazanamazana. Ndi nsomba ya mamba, ya banja limodzi ndi ntchila yathu ija, ndiye kwa inu palibe choletsa. Amaing'amba pakati kuyambira kumutu mpaka kumchira, theka limenelo n'kulikazinga lonse m'mafuta ambiri, limafika patebulo litapindika ngati uta, mchira uli m'mwamba, mbale yonse yadzaza. M'malo ambiri amabayapo kambendera kakang'ono kolembedwa mtengo, chifukwa amagulitsa potengera kulemera kwake, ndiye mukafuna yaing'ono nenani poitanitsa. Zipsepse ndi mchira zimauma gwaa, anthu akuno amatafuna, ndipo ine ndimayambira komweko. Minga ilipo yambiri, ing'onoing'ono ya mphanda, koma inu munakulira ku Nkhotakota, sindingakuphunzitseni kudya nsomba. Mudzangoona anzanu akulimbana ndi mpeni, inu mwatsala ndi mutu wokha. Kakomedwe kake si ka chambo, musayembekeze chambo, mnofu wake ndi wofewa komanso wonona. Chofunsa n'chimodzi: ena amaiviika mu ufa wosakaniza ndi mowa asanakazinge, ena ufa wokha. Ngati mowawo ukukuvutani, funsani, kapena itanitsani Forelle, nsomba ya mumtsinje ngati ija ankaweta pa phiri la Zomba, amaikazinga ndi batala n'kuiperekera ndi mbatatesi yophika. Si malesitilanti onse amene amakhala ndi Karpfen, ndiye muziyang'ana pa bolodi lomwe amaika pakhomo, amalemba ndi choko.

Nsomba ikasowa, pali Sauerbraten. Ndi nyama ya ng'ombe yomwe amaiviika mu viniga masiku angapo, kenaka n'kuiphika pang'onopang'ono mpaka kufewa moti mpeni sufunika kwenikweni. Msuzi wake ndi wowawasa komanso wotsekemera nthawi imodzi, chifukwa ku Franken amaukhuthalitsa ndi Lebkuchen, mkate wa zonunkhira uja Nürnberg amatchuka nawo. Poyamba lilime limadabwa, koma pofika supuni yachitatu mwagwirizana nawo. Ndisakubisireni, ophika ena amathira vinyo mu viniga muja, ndiye apanso chikumbumtima ndi chanu, mufunse. Bakha wowotcha amapezekanso nyengo ino, Ente, komanso nyama ya gwape. Mukafuna kupewa nyama yonse, Käsespätzle, tizidutswa ta ufa wa tirigu ndi mazira tothira tchizi ndi anyezi wokazinga pamwamba, amakhutitsa kwambiri.

Ndipo za kukhuta musade nazo nkhawa. Ndikudziwa amayi akuganiza kuti popanda nsima mugona ndi njala. Pambali pa nyama amaika Kloß, ena amati Knödel. Ndi chimpira cha mbatatesi, kukula kwake ngati lalanje, choterera, chonyanda pang'ono, mkati nthawi zina amaika tizidutswa ta buledi wokazinga. Tsiku loyamba kuchiona ndinachiyang'anitsitsa, mtima unapita kwathu, chifukwa ntchito yake ndi ya nsima ndithu, kunyamula msuzi. Anthu akuno sachidula ndi mpeni, amaching'amba ndi foloko kuti msuzi ulowe bwino. Ziwiri zokha simudzuka msanga pampando. Msuzi ukachepa pemphani wina, m'malo ambiri amawonjezera popanda vuto.

Nthawi, Amalume, nthawi. Ichi muwauzenso anzanuwo. M'malesitilanti achikale aja khitchini imatsegula cha m'ma 11:30, ikafika 2 koloko masana ambiri amazimitsa moto mpaka cha m'ma 5:30 madzulo. Mukafika 2:30 mupeza makeke ndi khofi basi. Komanso Lamulungu masana ndi nthawi yomwe mabanja akuno amapita kukadya nyama yowotcha, ndiye kumadzaza. Ngati muli anthu opitirira asanu, wina aimbe foni lero kapena mawa asungitse tebulo. Masitolo akuluakulu ogulitsa zakudya Lamulungu amakhala otseka, ndiye musadalire kuti tikagula kenakake mu supamaketi.

Tawuniyo ndi yaing'ono, anthu okhalamo ndi pafupifupi 11,000, yazunguliridwa ndi linga lakalekale loti mutha kukwera n'kuyenda pamwamba pake. Alendo onse amaunjikana pabwalo la pakati, pa Marktplatz, kudikira kuti ola likakwana mazenera awiri a nyumba ina atseguke, zidole ziwiri zionekere, china chikumwa. Ndi nthano ya mu 1631, nthawi ya nkhondo ya zaka 30, yoti mkulu wa asilikali Tilly atalanda tawuniyo anati aisiya osaiwononga ngati wina angamwe chikho cha vinyo cha malita atatu ndi kota osapumira, ndipo mkulu wina wa tawuniyo, Nusch, anamwa. Kaoneni, n'zosangalatsa, koma mukatha musakhale pa lesitilanti yoyamba yomwe mwaiona pabwalopo. Lowani m'tinjira ta m'mbali, mphindi zisanu zokha, muyang'ane pomwe palembedwa Gasthaus kapena Gasthof. Ine ndimasuzumira pazenera, ndikaona agogo a tsitsi loyera akudya ndi zidzukulu, ndimalowa. Mukalowa, tebulo lomwe pali kachikwangwani koti Stammtisch musakhalepo, ndi la anthu a m'deralo omwe amakumana pamenepo nthawi zonse.

Zakumwa. Madzi saperekera aulere ngati mmene mungaganizire, amagulitsa m'botolo, ndipo mukangoti madzi akubweretserani a mpweya aja, othetheka ngati soda. Munene kuti "stilles Wasser". Koma ine ndikanakonda mulawe Apfelschorle, juwisi wa maapulo wosakaniza ndi madzi a mpweya, mulibe mowa ngakhale dontho. Anzanu akamaombanitsa matambula a vinyo wa ku Franken, wa m'mabotolo aafupi amimba aja, inu mukweze yanuyo, palibe amene akudabweni.

Polipira, nyamulani ndalama zamanja, chifukwa malo ena ang'onoang'ono khadi amakana. Ine ulendo wathawu mbale yaikulu ndi chakumwa zinandikwana mayuro makumi awiri ndi kanthu, ndiye mukakhala ndi 40 m'thumba mtima ukhala m'malo. Woperekera safulumira kubweretsa bilu, kuno amaona ngati n'kuthamangitsa mlendo, ndiye mumuitane nokha, "Zahlen, bitte." Akufunsani ngati mulipire pamodzi kapena aliyense payekha, muyankhe "getrennt", aliyense zake, si zamanyazi ayi, ndi mmene amachitira. Ya tipu samasiya patebulo. Akati 23, inu mukumupatsa ndalama munene kuti 25, iye abweza chenji cha pa 25 pamenepo.

Eya, ndatsala pang'ono kuiwala Schneeballen. Muziona m'mawindo monse, mipira yoyera ndi shuga, kukula ngati chibakera. Ndi timizere ta ufa wa tirigu tokulungidwa pamodzi n'kukazinga. Musaganize kuti ndi mandasi, ndi zouma, zimafumbutuka mukaluma, shuga n'kuwazikira pajekete. Anthu akuno amaziphwanya zili m'pepala momwemo n'kumadya zidutswa. Gulani kakang'ono kamodzi, ka shuga wamba, mumwere tiyi. Ena amathira kachasu wa zipatso pang'ono mu ufawo, ndiye mufunse zimenezo ndi za mafuta aja. Zimakhalitsa masabata angapo osaonongeka, mutha kuwatengerako ana kunyumba.

Za sitima, kuchokera ku Nürnberg mumasintha pa Ansbach, kenaka pa Steinach, ndipo pa Steinach kupita ku Rothenburg ndi mphindi pafupifupi 15 basi. Pogula tikiti onetsetsani kuti palembedwa Rothenburg ob der Tauber, chifukwa matawuni a dzina lofanana ndi limeneli alipo angapo m'dziko muno, ena ali kutali zedi.

Ine kuchokera kuno ku Würzburg ndimasinthanso pa Steinach pomwepo. Ndalankhula kale ndi mnzanga kuti tisinthane shifiti ya Lamulungu, andiyankha mawa m'mawa. Akavomera mundipeza papulatifomu ndikukudikirani, menyuyo tikawerengera limodzi, Karpfen ndikugulirani ine. Akakana, mukangokhala pansi jambulani menyu yonse mutumize pagulu pano, foni ikhala m'thumba la yunifolomu, ndikuyankhani woperekerayo asanabwerenso. Munditumizire nthawi yomwe sitima yanu inyamuke ku Nürnberg. Amayi, ndikuimbirani madzulo ano ndikamapita kuntchito.