Tchuthi n'chachifupi, kwawo n'kutali: wophunzira adya kuti?

Mafunso a mwezi uno akukhudza ophunzira a m'makoleji a ku America amene kwawo ndi chigawo china chakutali ndi sukulu yawo.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi ali chaka choyamba pa yunivesite ina ku Massachusetts, ife tikukhala ku Texas. Tchuthi cha Thanksgiving, chikondwerero chothokoza cha ku America, n'cha masiku 5 okha ndipo tikiti ya ndege yakwera mtengo. Chakudya cha semesita yonse tinalipira kale. Akatsala kusukuluko, azidya monga mwa masiku onse? (Mayi wodera nkhawa, Texas)

YANKHO: Amayi, apa ndi pamene makolo ambiri amanamizika. Chitseko cha hositelo kukhala chotsegula sizitanthauza kuti kukhitchini kukufuka utsi. Ofesi yoona za malo ogona ili ndi kalendala yake, oyang'anira zakudya nawonso ali ndi yawo, ndipo mgwirizano wa chakudya umene munalipira, umene amautcha meal plan, nthawi zambiri umawerengera masiku amene makalasi ali m'kati. Masiku a tchuthi sakhalamo m'mitengo imeneyo m'masukulu ambiri.

Thanksgiving imakhala Lachinayi lachinayi la mwezi wa November, ndipo mu 2026 ikhala pa 26. Masukulu ambiri amatseka kuyambira Lachitatu mpaka Lamlungu, ena mlungu wonse. Kawirikawiri holo zodyera zimapereka chakudya chomaliza Lachiwiri madzulo kapena Lachitatu masana, n'kudzatsegulanso Lamlungu madzulo. Sukulu zina zimasiya holo imodzi yokha yotsegula kwa maola ochepa, mwina kutali ndi hositelo ya mwanayo.

Kutatsala milungu iwiri, mwana wanu achite izi. Atsegule tsamba la oyang'anira zakudya n'kupeza ndandanda ya maola a nthawi ya tchuthi, alembe tsiku ndi ola la chakudya chomaliza ndi choyamba. Kenaka afunse RA wake, wophunzira wamkulu amene amayang'anira hositelo, ngati otsala ayenera kulembetsa mayina. Zimenezi asazitenge mopepuka: m'masukulu ena khadi lotsegulira chitseko amalizimitsa kwa aliyense amene sanalembetse, ndipo munthu amadzazindikira ali panja usiku kukuzizira. Pomaliza aone kuti pakhadi lake pali chiyani. Pamakhala zinthu ziwiri zosiyana. Ma swipe ndi chilolezo cholowera m'holo yodyera, chimodzi pa chakudya chilichonse, ndipo holo ikatsekedwa alibe ntchito. Ma dining dollars ndi ndalama zoikidwa pakhadi zogulira m'timasitolo ta pasukulu. Amenewa ndiwo angagulire mkaka, buledi ndi zipatso sitoloyo isanatseke.

FUNSO: Ndikutsala ndekha m'hositelo masiku 5. M'chipinda ndili ndi kafuriji ndi maikulowevu basi. Ndigule chiyani kuti ndisamangodya zokazinga zoitanitsa pafoni? (Wophunzira wa chaka chachiwiri, Ohio)

YANKHO: Achimwene, choyamba ndi tsiku logula. Masitolo akuluakulu a Walmart, Target ndi Costco amakhala otseka pa tsiku lenileni la Thanksgiving, ndipo basi ya sukulu yopita kumasitolo imatha kuimitsidwa tchuthi chikayamba. Gulani Lolemba kapena Lachiwiri.

Kwa munthu mmodzi izi zikwanira: paketi ya oats ya magalamu 500, mazira 12, mpunga kilogalamu imodzi, zitini 4 za nyemba (chitini wamba ndi ma ounce 15, pafupifupi magalamu 425), zitini 3 za nsomba ya tuna, buledi mmodzi, botolo la chiponde, mapaketi awiri a masamba a mufiriza, mkaka theka la galoni, nthochi ndi maapozi. Onani ngati zitinizo zili ndi kogwirira kotsegulira pamwamba. Ambiri amafika nazo kuchipinda n'kupeza kuti alibe chotsegulira.

Phala la oats: theka la kapu ya oats, kapu imodzi ya madzi kapena mkaka, mphindi 2 m'mbale yakuya chifukwa limafufuma n'kusefukira. Mpunga: kapu imodzi, makapu awiri a madzi, vindikirani koma siyani mpata wa nthunzi, mphindi 5 pa mphamvu yonse kenaka 15 pa theka la mphamvu, ndipo usiyeni upume mphindi 5. Maikulowevu ya m'hositelo imakhala yofooka, mwina mawati 700, ndiye mungafunike kuwonjezera nthawi pang'ono. Mazira muwaswere m'kapu, muwatakase, masekondi 30, takasaninso, masekondi 30 ena. Dzira la m'chikamba chake musaliike m'menemo, limaphulika chifukwa nthunzi imasowa potulukira. Chitini kapena chilichonse chachitsulo nachonso ayi.

Chimene chimadwalitsa anthu ndi zotsala. Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola 2. Furiji izikhala pa madigiri 4 kapena kutsika, amene ku America amawalemba 40 F, ndipo zotsala zidyedwe pasanathe masiku 3 kapena 4. Samalani kwambiri ndi mpunga: muli tizilombo totchedwa Bacillus cereus timene sitifa pophika, ndipo mpunga ukakhala panja usiku wonse timatulutsa poizoni amene saonongeka ngakhale muutenthetsenso. Kumbukirani kuti chipatala cha pasukulu nachonso chimatha kutseka masiku amenewo.

Musayese kulowetsa kambaula kamagetsi. Masukulu ambiri amaletsa chilichonse chokhala ndi waya wofiira poyera, ndipo ogwira ntchito amayendera zipinda nthawi ya tchuthi. Ngati hositelo ili ndi khitchini ya onse, funsani RA za makiyi asananyamuke, poti nayenso ali ndi kwawo.

FUNSO: Ndalama zandithera ndipo ndikuchita manyazi kuuza makolo. Kodi pali chithandizo? (Wophunzira, Arizona)

YANKHO: Chilipo, ndipo manyazi sakhutitsa. Makoleji ambiri ali ndi chipinda chogawa zakudya kwaulere, chotchedwa food pantry, ndipo m'malo ambiri amangofuna khadi la sukulu. Pitani tchuthi chisanayambe chifukwa amene amagwiramo ntchito ndi ophunzira anzanu. Ofesi ya mkulu woona za ophunzira, Dean of Students, imakhalanso ndi thumba la ndalama zadzidzidzi m'masukulu ambiri. Funsaninso ngati sukulu yanu ili ndi dongosolo logawana ma swipe, longa limene bungwe la Swipe Out Hunger linayambitsa ku yunivesite ya UCLA mu 2010, loti ophunzira apereke ma swipe awo otsala kwa anzawo osowa.

Za SNAP, chithandizo cha boma chogulira chakudya, musaziwerengere pa tchuthi chino. Wophunzira amayenera kukwaniritsa mfundo zina, monga kugwira ntchito maola 20 pa mlungu, ndipo amene chakudya chake chambiri chimachokera ku meal plan saloledwa. Amene ali pa viza ya F-1, ya ophunzira ochokera kunja, sayenera kulandira n'komwe. Iwowa afunse ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja, imene nthawi zambiri imalumikizitsa otsala ndi mabanja oitana alendo pa chakudya cha Thanksgiving. Mnzanu wokhala pafupi akakuitanani kwawo, vomerani. Umenewo ndi mwambo wa tsikulo, simukulemetsa munthu.

FUNSO: Nanga tikasankha kuti mwana abwere kunyumba? (Bambo wa ana atatu, Washington)

YANKHO: Bambo, werengani masiku a pa ulendo. Mwachitsanzo, kuchoka ku Boston kufika ku Seattle, kwanu ku Washington, ndi maola pafupifupi 6 m'ndege, ndiye pa masiku 5 awiri athera panjira, pamene tchuthi chachitali cha December chili patsogolo ndi milungu iwiri kapena itatu yokha, mayeso ali pakati. Ife timati ndalamayo isungidwire December, chifukwa nthawi imeneyo hositelo zambiri zimatsekeratu. Tchuthi cha October chimakhala cha masiku ochepa ndipo sichiyenera tikiti ya kutali. Cha March, cha mlungu wathunthu, ndicho chingaganiziridwe.

Ngati abwerebe, Lamlungu lotsatira Thanksgiving ndi limodzi mwa masiku odzaza kwambiri m'mabwalo a ndege chaka chonse. Kubwerera Loweruka kumapepuka. Pa mtunda waufupi sitima ya Amtrak kapena basi ya Greyhound ndi FlixBus zimathandiza. Kuyambira pa 7 May 2025, pokwera ndege ya m'dziko momwemo amafuna chiphaso cha boma chotchedwa REAL ID kapena china chovomerezeka monga pasipoti, khadi la sukulu silikwanira. Ndipo Amayi akamulongedzera zakudya zobwerera nazo, nyama ndi zowuma zimadutsa m'chikwama cha m'manja, koma msuzi, supu ndi chiponde amaziwerengera ngati zamadzi: zikapitirira mamililita 100, ziikidwe m'sutikesi yopita pansi pa ndege.